TIZIGOBA TA M'MATOPE TIMENE TIULULA MBIRI YA MADZI

Phunziro la Mwezi Uno

Mvula yoyamba ikagwa yamphamvu mitsinje imasanduka yofiira. Mlimi ali yense adziwa kuti kufiirako ndiyo nthaka ya m'minda imene yakokoloka, koma ndi anthu owerengeka okha amene amafunsa kumene nthakayo ikagona. Madzi othamanga asenza dothi monga munthu asenza mtolo, ndipo akatha mphamvu amatula. Ena a malo amene mitsinje imatulapo matope ambiri ndiwo mathiriro, ndiko kunena pamene mtsinje ukumana ndi nyanja yaikuru ya mcere.

Phunziro la mwezi uno likamba za tinthu tating'onoting'ono topezeka m'matope a pa mathiriro. Tambiri mwa ito ndi tocepa koposa njere ya mawere, kotero kuti munthu angathe kutiponda osadziwa. Koma tinthu tomweti tinathandiza anthu a ku America kuweruza mlandu umene unawabvuta zaka zambiri, mlandu wa cimene cinali kupha nsomba ndi nkhanu m'madzi ao.

MATHIRIRO NDI MALO OTANI?

Anthu a m'Malawi azolowera nyanja ya madzi opanda mcere, cifukwa cace nkoyenera kuyamba ndi kulongosola malo amenewa. Mtsinje wa Shire uturuka m'Nyanja ya Malawi, nutsikira kum'mwera, nukathira mu Zambezi m'dziko la Mozambique. Zambezi naye apitirira mpaka afika ku Indian Ocean, kufupi ndi Chinde. Kumeneko madzi a mtsinje ndi madzi a mcere asanganikirana. Nyanja ya mcere imakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku. Ikakwera imakankha madzi ace kulowa mu mtsinje, ndipo ikatsika madzi a mtsinje amapambananso.

Pa malo otere pacitika zinthu ziwiri zoyenera kuzikumbukira. Coyamba, madzi a mcere ndi olemera koposa madzi a mtsinje, motero amayenda pansi, a mtsinje nayandama pamwamba. Caciwiri, dothi losalala limene mtsinje wasenza likakhudzana ndi mcere limagwirana timibulu ndi kumira. Cifukwa ca ici matope amaunjikana pansi, a caka cino pamwamba pa a caka catha.

Kaunjikidwe kameneka kafanana ndi dzala la pa mudzi. Munthu akakumba dzala lakale apeza pamwamba zinyalala za masiku ano, monga mapepala a pulasitiki. Akapitirira apeza zitini zadzimbiri, ndipo pansi peni peni apeza mapale a miphika ya agogo. Palibe amene analemba tsiku limene cinthu ciri conse cinatayidwa, komabe dzalalo liuza wokumbayo cimene cinayamba ndi cimene cinatsatira. Matope a pa mathiriro ali comweco.

MITUNDU ITATU YA TIZIGOBA

Tinthu timeneti tioneka bwino ndi cipangizo ca magalasi okuza zinthu cochedwa maikulosikopu, conga cimene a cipatala ayesera magazi pofuna tizirombo ta malungo. Maina ace ndi acilendo pakuti anaperekedwa ndi akatswiri a ku Ulaya.

1. Foraminifera. Aka ndi kamoyo kamene thupi lace lonse ndi kadontho kamodzi koterera, kopanda mutu, mtima kapena miyendo. Kamadzimangira cigoba ca tizipinda, ndipo kakamakula kamaonjezera kacipinda kena, monga munthu aonjezera cipinda pa nyumba banja likakula. Mitundu ina ipanga cigoba ndi laimu wotengedwa m'madzi, monga icitira nkhono. Ina imata pamodzi timicenga. Pa tizibowo ta cigobaco pamaturuka timaulusi togwirira cakudya. Dzinali linaperekedwa ndi Alcide d'Orbigny wa ku France m'caka ca 1826, ndipo litanthauza cinthu cokhala ndi tizibowo. Mtundu umenewu wakhala m'nyanja za mcere zaka zoposa 500 miliyoni. Ena akale anali akuru ngati ndalama yacitsulo, ndipo miyala yambiri imene anamangira mapiramidi a ku Giza, m'dziko la Egypt, njodzala ndi zigoba zao.

2. Diatom. Aka si kanyama ai, koma kambeu ka mtundu wa ndere. Cigoba cace ndi ca galasi, ca magawo awiri obvundikirana monga kacitini ka polishi wa nsapato. Pali mabanja awiri. Banja loyamba ndi la tozungulira, timene tambiri timayandama m'madzi. Laciwiri ndi la tatitali tonga bwato, timene tambiri timakhala pansi pa madzi osazama kapena pa masamba a udzu wa m'madzi, kumene kuwala kwa dzuwa kufika. Kusiyana kumeneku kudzafunika kutsogoloku.

3. Ostracod. Uyu ndi mbale wa nkhanu. Ali ndi zigoba ziwiri zonga njere ya nyemba yong'aluka pakati, ndipo kutalika kwace ndi ngati milimita imodzi. Apezeka m'madzi a mcere ndi m'madzi opanda mcere omwe.

KODI CIGOBA CAKUFA CINGANENE CIANI?

Mlimi wodziwa nchito yace amayang'ana zomera kuti adziwe nthaka. Akaona kaufiti wacuruka m'cimanga adziwa kuti nthaka yaguga. Akaona bango adziwa kuti madzi ali pafupi. Tamoyo ta m'madzi nato tiri ndi malo amene tikonda, mtundu uli wonse ndi malo ace.

Ku mathiriro a kum'mawa kwa America, foraminifera wochedwa Ammobaculites, mmodzi wa omanga ndi mcenga aja, akhala kumtunda kumene mcere uli wocepa. Wochedwa Elphidium acuruka m'madzi a mcere wambiri ndi a mpweya wokwanira. Wochedwa Ammonia ndi wopirira zedi: amakhalabe ngakhale pamene mpweya wacepa ndi madzi aipa, anzace atatha. Mpweya wonenedwa pano ndi okosijeni, umene anthu ndi nyama apuma. Umasungunuka m'madzi monga shuga asungunuka m'tiyi, ndipo nsomba ndi nkhanu sizingakhale moyo popanda iwo.

Pali zifukwa zitatu zimene tinthu timeneti tipambanira nsomba pa nchito ya umboni. Coyamba, ndi tambirimbiri: supuni imodzi ya matope ingathe kukhala ndi tizigoba mazana angapo. Caciwiri, moyo wace ndi waufupi, milungu kapena miyezi, kotero madzi akasintha, mitundu yokhalamo nayo isintha msanga. Cacitatu, zigoba zace sizibvunda. Nsomba ndi nyongolotsi zikafa zimaola nizisowa, koma kacigoba ka laimu kapena ka galasi kamatsala m'matope a caka cimene mwini wace anafa, ngakhale papite zaka zikwi.

MMENE AKATSWIRI AGWIRIRA NCHITO

Akatswiri apita pa madzi ndi bwato lalikuru, natsitsa paipi yacitsulo kapena ya pulasitiki coimirira, naikhomera m'matope. Akaizula imaturuka ndi matope m'kati mwace, osanjikizana monga mmene anagonera pansi. Paipiyo aing'amba m'litali, nadula matopewo m'tizidutswa monga mai adula cinangwa, kacidutswa kali konse kocindikala sentimita imodzi kapena ziwiri, nakalemba nambala yace.

Kenaka atsuka kacidutswa kali konse pa sefa wa mabowo ocepa koposa kunenepa kwa tsitsi la munthu. Dothi lipita ndi madzi, ndipo zotsala pa sefayo aziumitsa. Tsono munthu akhala pa maikulosikopu ndi kaburashi konyowa, natola tizigoba kamodzi kamodzi mpaka tikwane ngati 300, nalemba dzina la kali konse ndi kuwerenga kuti a mtundu wakuti alipo angati. Acita comweco pa kacidutswa kali konse kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndi nchito ya miyezi yambiri, yofuna maso akuthwa ndi mtima wodekha.

Koma kudziwa mitundu kokha sikukwanira. Afunikanso kudziwa caka cimene matopewo anagona. Njira zace ndi izi:

(a) Kuyambira zaka za m'ma 1950 maiko amphamvu anacurutsa kuyesa mabomba a atomiki mu mlengalenga, ndipo pfumbi lace, lokhala ndi cinthu cochedwa caesium-137, linagwa pa dziko lonse lapansi. Linagwa lambiri koposa m'caka ca 1963, caka cimene United States, Britain ndi Soviet Union anapangana kuleka kuyesera mabombawo mu mlengalenga. Motero kacidutswa ka matope kokhala ndi caesium-137 wambiri kopambana tonse ndi ka 1963.

(b) Pali mtundu wa mtobvu wochedwa lead-210 umene ugwa ndi mvula nthawi zonse. Mphamvu yace icepa ndi theka pa zaka 22 ziri zonse, ndipo poiyesa adziwa msinkhu wa matope a zaka 100 kapena kuposerapo pang'ono.

(c) Pa matope akale koposa apo ayesa carbon-14 wa m'zigoba ndi m'timitengo tokwiririka, amene afika zaka zikwi zambiri.

(d) Ufa wa m'maluwa, umene ucedwa kuola, nawo umagwera m'madzi ndi kusungika. Ufa wa mtengo uli wonse ndi udzu uli wonse uli ndi maonekedwe ace ace, ndipo uonetsa zimene zinali kumera pamtunda.

Nchitoyi iri ndi misampha yace. Nyongolotsi za m'matope zimabvundula za pamwamba ndi za pansi, matope ena owawasa amasungunula zigoba za laimu, ndipo cigumula cimodzi cingathe kutula matope ambiri pa masiku owerengeka. Cifukwa cace akatswiri sakhulupirira paipi imodzi yokha kapena mtundu umodzi wokha. Monga pa bwalo la milandu, afuna mboni zingapo zonena mau amodzi.

MLANDU WA KU CHESAPEAKE BAY

Chesapeake Bay ndiwo mathiriro akuru koposa onse m'dziko la United States of America. Ali kum'mawa kwa dzikolo, m'zigawo za Maryland ndi Virginia, ndipo atsegukira ku Atlantic Ocean. M'litali mwace ndi makilomita ngati 320. Malo ambiri ndi osazama, koma pakati pali ngalande yozama. Mitsinje yambiri ithira m'menemo: Susquehanna, umene ubweretsa pafupifupi theka la madzi onse a mitsinje; Potomac, umene upyola pa mzinda wa Washington; ndiponso James. Dera limene mvula yace itsikira ku Chesapeake Bay ndi lalikuru koposa dziko lonse la Malawi, ndipo mukhala anthu oposa 18 miliyoni.

Kuyambira kale malowa anachuka ndi nkhanu, nsomba, ndi nkhono zodyedwa zochedwa oyster, ndipo mabanja ambiri a asodzi anali kudalira zimenezi. Koma m'zaka za m'ma 1930 akatswiri anapeza kuti m'nyengo yotentha madzi a pansi pa ngalande ija amacepa mpweya. Pofika zaka za m'ma 1970 bvutolo linaonekera kwa ali yense. Udzu wa pansi pa madzi, mmene ana a nsomba ndi a nkhanu amabisala, unayamba kufa. Asodzi anali kubvuula miono yodzala ndi nkhanu zakufa. Masiku ena nkhanu zinali kukwawira kumtunda, kuthawa madzi opanda mpweya.

Apa panabuka mkangano. Ena anati madzi ozama amatero mwa cibadwa cace m'nyengo yotentha, ndipo palibe munthu wolakwa. Ena anati colakwa cicokera ku minda ndi ku mizinda. Mkanganowu sunali wa pakamwa cabe. Ngati oyambawo ananena zoona, ndiye kuti kuononga ndalama za boma ndi kuikira alimi malamulo kukanakhala kwacabe. Koma kuyesa madzi kwa nthawi ndi nthawi pa malo onse kunayamba mu 1984, ndipo zolembedwa za zaka za m'mbuyo zinali za apa ndi apo. Panalibe munthu wamoyo wodziwa mmene madziwo analiri zaka 300 zapitazo.

Ndipo akatswiri anatembenukira ku matope. Grace Brush wa pa Johns Hopkins University mu mzinda wa Baltimore, pamodzi ndi wophunzira wace Sherri Cooper, anafalitsa mu 1991 zimene anapeza m'matope a zaka ngati 2,000, makamaka za diatom ndi ufa wa m'maluwa. Pambuyo pace Thomas Cronin wa ku United States Geological Survey ndi anzace anawerenga foraminifera ndi ostracod.

ZIMENE MATOPE ANAULULA

Nyengo yoyamba: nkhalango. Azungu asanafike, dziko lonselo linali nkhalango. Eni dziko, monga a mtundu wa Powhatan, anali kulima minda yaing'ono ya cimanga, nyemba ndi maungu. Matope a nyengo imeneyi anaunjikana pang'ono pang'ono, ndipo ndi odzala ndi ufa wa maluwa a mitengo. Mitundu ya diatom inali yambiri, ndipo tatitali ta pansi tija tinali pafupi kulingana ndi tozungulira. Ici citanthauza kuti madzi anali oyera, dzuwa nkumafika pansi. Zigoba za foraminifera ndi ostracod zionetsa kuti panali nyengo za mvula yambiri ndi nyengo za cirala, pakuti mcere unali kucepa ndi kucuruka. Zionetsanso kuti zaka zina mpweya wa m'madzi ozama unali kucepako. Motero a mbali yoyamba ija sananame kotheratu.

Nyengo yaciwiri: nkhwangwa ndi pulawo. Angerezi anamanga mudzi wa Jamestown mu 1607, ndipo mu 1612 John Rolfe anayamba kulima fodya wogulitsa. Fodya anali kugugitsa nthaka pa zaka zitatu kapena zinai, motero eni minda anali kudula nkhalango yatsopano nthawi ndi nthawi. Pambuyo pace nchito yambiri ya m'minda imeneyi inagwiridwa ndi akapolo otengedwa ku Africa. Poyamba anali kulima ndi makasu, kuunda nthumbira pakati pa zitsa, ndi kugoneka munda zaka zambiri ukaguga, cifukwa cace nthaka siinakokoloke kwambiri. Koma ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ambiri anayamba kulima tirigu ndi pulawo. Anazula zitsa, nalima mapiri ndi zigwa zomwe, osagonekanso minda. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, m'madera ambiri nkhalango yoposa theka inali itatha.

Zonsezi zalembedwa m'matope. Ufa wa maluwa a mitengo ucepa, ndipo ucuruka ufa wa comera cochedwa ragweed, cimene cimera pa nthaka yogalauzidwa monga cisoso cicitira m'minda. Matope ayamba kuunjikana mofulumira kangapo kuposa kale. Diatom tatitali ta pansi tiyamba kucepa cifukwa madzi ada, dzuwa silifikanso. Mbiri yolembedwa ndi anthu ibvomerezana ndi mboni zimenezi. Mudzi wa Joppa, pa mtsinje wa Gunpowder ku Maryland, unali doko lochuka kumene zombo za ku Ulaya zinali kupakira fodya. Matope anadzaza dokolo, zombo zinalephera kufikako, boma la cigawoco linasamukira ku Baltimore mu 1768, ndipo mudziwo unasanduka bwinja.

Nyengo yacitatu: fetereza ndi mizinda. Itatha nkhondo yaikuru mu 1945, fetereza wopangidwa m'mafakitale anacuruka zedi. Mizinda inakula ndi kutayira zonyansa zace m'mitsinje, ndipo alimi anayamba kuweta nkhuku ndi ng'ombe zambirimbiri pa malo amodzi, ndowe ndi zitosi nkumakokolokera m'madzi. Cakudya comwe cikulitsa cimanga cikulitsanso ndere. Ndere ikacuruka pamwamba ichinga dzuwa, udzu wa pansi nufa. Ndereyo ikafa imamira, ndipo tizirombo toiolets a timatha mpweya wa pansipo. Pamenepa mpamene kulemera kwa madzi a mcere kubweretsa tsoka: madzi opepuka a mtsinje akhala pamwamba ngati cibvundikiro, ndipo mpweya watsopano sungathe kutsikira pansi mpaka mphepo za nyengo yozizira zitabvundula madziwo.

M'matope a nyengo imeneyi diatom tozungulira toyandama tiposa tatitali kangapo, ndipo mitundu yambiri yakale yasowa. Foraminifera wopirira uja, Ammonia, amene kale anali wocepa m'ngalande yozama, acuruka, ndipo m'zaka za m'ma 1970 apambana anzace. Ngakhale namondwe wochedwa Agnes, amene anagwetsa mvula yoopsa m'mwezi wa June 1972, anasiya matope ace ocindikala amene aoneka m'mapaipi ena.

Mboni zonsezi zinanena mau amodzi: kucepa kwa mpweya kunalipo pang'ono kale, koma pa zaka zonse za m'matopewo sikunafikepo pamene kunafika m'zaka za pambuyo pa 1945. Cimene cinasintha madzi ndi nkhwangwa, pulawo ndi fetereza za anthu a kumtunda, ambiri a iwo okhala makilomita mazana kutali, amene sanaonepo nyanja ya mcere.

ZIMENE ANACITA

Mu 1983 maboma a Maryland, Virginia, Pennsylvania ndi mzinda wa Washington anapangana ndi boma lalikuru kuti agwirire nchito pamodzi. Mu 1987 analonjeza kucepetsa nitrogen ndi phosphorus, zakudya ziwiri za ndere, ndi magawo 40 pa 100 pofika caka ca 2000, koma cakaco cinafika lonjezolo lisanakwaniridwe. Mu 2010 boma lalikuru linaika malire a zonyansa zimene cigawo ciri conse ciloledwa kutsitsira m'madzi. Umboni wa m'matope unathandiza kuonetsa kuti madzi oyera analipo kale, ndi kuti bvuto lopangidwa ndi anthu lingathe kucepetsedwa ndi anthu.

Mizinda inakonza malo oyeretsera madzi a zimbudzi. Alimi analangizidwa kubzala mitengo m'mbali mwa mitsinje, kubzala mbeu zophimba nthaka munda ukakololedwa, kuleka kugalauza nthaka caka ndi caka, kumanga mipanda kuti ng'ombe zisalowe mu mtsinje, ndi kusunga ndowe pa malo osafika madzi a mvula. Zipatso zace zaoneka, ngakhale mocedwa. Udzu wa pansi pa madzi unali maekala ngati 38,000 mu 1984, ndipo mu 2017 unapitirira maekala 100,000. Koma mvula yambiri ya 2018 inatsitsanso matope, udzuwo nucepanso caka cotsatira. Cimene cinaonongeka pa zaka 300 sicibwerera pa zaka 30.

NANGA NYANJA YA MALAWI?

Zigoba za foraminifera sizipezeka m'Nyanja ya Malawi pakuti madzi ace alibe mcere. Koma diatom ndi ostracod timapezekamo, ndipo akatswiri atiwerenga ndi njira zomwezi. Mu 2005 anaika makina oboolera pa combo cochedwa Viphya, naboola pansi pa nyanja mamita ngati 380. Matope amene anaturutsa ndi a zaka zoposa miliyoni imodzi. Anaonetsa kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo panali zirala zoopsa zimene zinatsitsa nyanja ndi mamita mazana angapo, mpaka kutsala kanyanja kakang'ono pakati.

Matope a pamwamba, a zaka za posacedwapa, anena nkhani yofanana ndi ya ku Chesapeake Bay. Ku mbali ya kum'mwera kwa nyanja, kumene kuli anthu ambiri ndi minda yambiri, matope akhala akuunjikana mofulumira kuposa kale, ndipo mitundu ya diatom yokonda madzi a cakudya cambiri yacuruka. Mitsinje yonga Linthipe, imene ipyola m'minda yokhayokha, ibweretsa dothi lambiri koposa mitsinje yopyola m'nkhalango. Asodzi adziwa kale za mpasa, nsomba imene ikwera mitsinje kukaikira mazira pa timiyala toyera. Matope akakwirira timiyalato, mazira sapulumuka.

PHUNZIRO LACE

Alimi a m'Malawi sathira fetereza wambiri monga a ku America, ndipo phunziro ili silinena kuti aleke. Linena kuti fetereza ndi nthaka ziyenera kukhala m'munda. Thumba la fetereza ligulidwa ndi ndalama zambiri. Likakokoloka ndi mvula, mlimi ataya kawiri: cimanga cace cisowa cakudya, ndipo nsomba imene akanagula pa msika icepa. Njira zopewera ndi zomwe alangizi a zaulimi aphunzitsa: kulima mizere yopingasa phiri motsata akalozera, kubzala udzu wa vetiva, kuphimba nthaka ndi mapesi m'malo mowaocha, kukwirira fetereza m'malo momwaza pamtunda, ndi kusiya mitengo ndi bango m'mbali mwa mtsinje.

Akuru akale anati wakutsina khutu ndi mnansi. Anthu a ku Joppa analibe wowatsina khutu, ndipo anazindikira doko lao litadzala kale. Lero cenjezo liripo, locokera ku tinthu tocepa koposa njere ya mawere.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Cifukwa ninji matope a pa mathiriro afanizidwa ndi dzala la pa mudzi?
2. Kodi kucepa kwa diatom tatitali kuonetsa ciani za madzi?
3. Cifukwa ninji kulima ndi pulawo kunakokolola nthaka yambiri koposa kulima nthumbira pakati pa zitsa?
4. Fetereza akafika m'madzi, apha nsomba mwa njira yotani?
5. Kodi akuruakuru a pa mudzi akumbukira kuti mtsinje wa kwao unali wotani iwo ali ana, ndipo casintha nciani?